Timu Siyambira pa Jezi

Mu December 2020, mumzinda wa Kansas City ku America, Angie Long ndi mwamuna wake Chris Long, pamodzi ndi Brittany Mahomes, adakhazikitsa timu ya mpira wamiyendo ya amayi yomwe lero ikutchedwa Kansas City Current. Nkhaniyi ikadatha kutidutsa ngati mphepo ya mwera, koma mwana wa Amalawi, Temwa Chawinga, ndiye akunyamula mbiri ya timuyi. Ndalemba kuti nditsutse mawu amene amamveka pabwalo la bawo ndi m'malo oonera mpira, akuti mpira wa amayi ndi chibwana, ndipo woikamo ndalama wazitaya m'nyanja.

Onyozawo ali ndi umboni umodzi, ndipo sindiubisa. Mumzinda womwewo mudali timu ina, FC Kansas City, imene idatenga chikho cha ligi ya NWSL mu 2014 ndi 2015, koma idatha mu 2017, osewera ake n'kusamutsidwira ku Utah Royals. Nayo Utah Royals idayima mu 2020, ndipo osewera ake ndiwo adakhala maziko a timu yatsopanoyi. Akuti: mwaona, zinthu zake n'zosakhalitsa. Koma funsani chimene chidapha matimu amenewa. Amayiwo sadalephere kusewera, pakuti timu yolephera sitenga chikho kawiri motsatizana. Vuto lidali kumtunda, kwa eni ake. Bwato likamira chifukwa cha mmisiri, sitidzudzula wopalasa.

Eni a Current adayamba mosiyana. M'chaka chawo choyamba, 2021, timu idasewerera pabwalo lobwereka la baseball ndipo idathera pansi penipeni pa ligi. Munthu wofuna kutchuka msanga akadathawira pomwepo. Iwo adamanga malo ochitira zokonzekera ku Riverside, amene adatsegulidwa mu 2022, chaka chomwe timu idafika mu fainolo ya ligi. Kenaka adamanga bwalo la CPKC Stadium m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, lokwana anthu 11,500, limene lidatsegulidwa mu March 2024 ndipo limadziwika kuti ndi loyamba kumangidwira timu ya amayi osewera mpira ngati ntchito. Ndalama zake zidaposa madola 100 miliyoni. Kodi wamalonda wa nzeru zake amathira chuma chotere pa chibwana?

Chaka chomwecho Temwa adafika kuchokera ku timu ya ku Wuhan, ku China. Adamwetsa zigoli 20 mu ligi, kuposa 18 zimene Sam Kerr adamwetsa mu 2019, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Luso lake lidali lodziwika kale, pakuti mu 2023 adatsogolera ma Scorchers potenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1. Koma mmera ngakhale ukhale wabwino chotani, umafuna munda wolimidwa. Kansas City idalima munda.

Tsono ndisanamizire makolo anzanga kuti zonse n'zoyera. Mantha a mayi amene akukana kuti mwana wake wamkazi ayende ulendo wa usiku ndi mphunzitsi wamwamuna si umbuli ayi. Ku America komweko, mu October 2022, kafukufuku wotsogoleredwa ndi Sally Yates adapeza kuti nkhanza za mawu ndi zachisembwere zidazika mizu mu ligi ya NWSL, ndipo akuluakulu ena adamva madandaulo koma adatseka makutu. Mu January 2023 aphunzitsi anayi adaletsedwa kugwiranso ntchito mu ligiyi kwa moyo wawo wonse. Zindikirani kuti amene adaulula zoipazi ndi osewera eni ake, ndipo mankhwala ake sadali kutseka ligi. Mu 2022 osewera adasainirana ndi ligi mgwirizano woyamba wa ntchito, wonena za malipiro ochepetsetsa ndi tchuthi cha uchembere, ndipo mgwirizano wa 2024 udaletsa kusinthanitsa wosewera popanda chilolezo chake. Ng'ona ikavuta padooko, mudzi susiya kumwa madzi. Umamanga mpanda.

Ena amakamba za kavalidwe, ndipo funso lawo ndi loyenera ulemu. Dziwani kuti kuyambira 2014 malamulo a mpira padziko lonse amalola wosewera kuvala hijabu, ndipo mu 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco adasewera atavala hijabu pa chikho cha dziko lonse, timu yake n'kufika m'gulu la matimu 16 omaliza. Banja lililonse lili ndi ufulu wolola kapena kukana, litafunsa kwa odziwa. Koma amene akunena kuti mpira umakakamiza mtsikana aliyense kuvula ulemu wake akunena za lamulo limene lidasinthidwa kalekale.

Choncho mlandu wanga uli ndi anthu awiri. Woyamba ndi wonyoza, amene amaombera m'manja Temwa akagoletsa pa kanema, koma amaseka mwana wa mnansi wake akamenya mpira wachikulunga pamchenga. Wachiwiri ndi wothamanga, amene amagula majezi, n'kujambulitsa chithunzi ndi atsikana, n'kudzitcha mwini timu, pomwe alibe bwalo, alibe mgwirizano wolembedwa, alibe ngakhale mayi wamkulu woyenda ndi anawo. Wachiwiriyu ndiye amapatsa woyamba zonena.

Munthu akabwera pakhomo panu kudzapempha mwana wanu kuti alowe timu yatsopano, musamupirikitse, komanso musatengeke ndi dzina la Chawinga limene angatchule. Mukhazikeni pamphasa, mumufunse: anawa azikonzekerera kuti, ndipo nthawi yanji? Sukulu ikhala bwanji? Akavulala, walipira chipatala ndani? Paulendo agona kuti, ndipo awayang'anira ndani? Mphunzitsi akalakwira mwana, mwanayo akadandaula kwa yani? Malonjezo a ndalama alembedwa pati? Wokhala ndi mayankho omveka mumumvetsere bwino. Wopanda mayankho mumuperekeze mwaulemu, abwerenso akadzamanga maziko.