Kadzidzi anakwatira mphaka: n'chifukwa chiyani ndakatulo zamkutu sizikalamba?

Mu 1871 ku England kunasindikizidwa ndakatulo ya Edward Lear yosimba za kadzidzi ndi mphaka omwe anakwera bwato limodzi, nagula mphete yapamphuno ya nkhumba ndi sheleni imodzi, kenako nkhukundembo n'kudalitsa ukwati wawo. Kuno kwathu munthu atangomva kuti kadzidzi ndi mphaka akuyendera limodzi usiku, m'mawa mwake angalawirire kwa sing'anga. Koma Angerezi akhala akuwerengera ana awo ndakatulo imeneyi kwa zaka zoposa 150, ndipo agogo amailakatula pamtima osaphonya liwu.

Otsutsa ndakatulo zoterezi ali ndi mfundo, tisawanyoze. Amati nthawi ya mwana m'kalasi ndi yochepa, mabuku ndi osowa, nanga n'kumupatsiranji zinthu zomwe mwini wake anazitcha yekha zopanda mutu? Buku loyamba la ndakatulo la Lear, la mu 1846, dzina lake ndi A Book of Nonsense, ndiye kuti sanabise. Ena amadandaula ndi nkhanza zomwe zili m'tindakatulo take ta mizere isanu, momwe nkhalamba yachilendo imamenyedwa kapena kuphedwa ndi gulu la anthu chifukwa chongosiyana nawo. Ndipo kunena zoona, tambiri mwa tindakatulo timeneti n'totopetsa: mzere womaliza umangobwereza mawu a mzere woyamba, ngati munthu wofotokoza nthabwala n'kuiwala pothera pake.

Komabe pamene ndimasiyana nawo ndi pa ganizo lakuti ndakatulozi n'zachisawawa. Onani omwe anazilemba. Lear anali katswiri wojambula mbalame, wosamala nthenga iliyonse, mpaka anaphunzitsako Mfumukazi Victoria kujambula. Tindakatulo take toyamba anatipekera ana a kunyumba ya Earl of Derby ku Knowsley, komwe anapita kukajambula zinyama. Lewis Carroll, yemwe dzina lake lenileni linali Charles Dodgson, ankaphunzitsa masamu ku Oxford. Anthu otere salemba mwaphuma.

Tengani "Jabberwocky" ya Carroll, ya m'buku la Through the Looking-Glass. Mawu ambiri a m'ndime yoyamba anachita kuwapeka, panalibe dikishonale yomwe inali nawo. Koma mayina ali pamalo pa mayina, aneni pamalo pa aneni, kamvekedwe kake sikapunduka pena paliponse. Alice, kamtsikana ka m'bukumo, atamaliza kuiwerenga anavomera kuti sanaimvetse, koma anatolapo chimodzi: wina wake wapha china chake. Apa ndiye pagona nkhani. Nyumba yamangidwa molimba, mizati ndi denga zili m'malo, koma zipinda zasiyidwa zopanda katundu kuti wowerenga alowetsemo wake. Mwana amaikamo chilombo cha m'maloto ake, wamkulu amaikamo chomwe chikumusowetsa tulo. Mawu ena opekawo, monga chortle, anakondedwa kwambiri moti lero ndi Chingerezi chenicheni.

Mwana samayamba ndi tanthauzo, amayamba ndi kamvekedwe. Tonsefe tinakulira nyimbo zamasewera a pabwalo, za jingo ndi zowerengerana poyamba chibisalirano, zomwe mawu ake ena palibe angawamasulire, ngakhale agogo omwe anatiphunzitsa. Sitinafunse. Tinkangoimba chifukwa lilime linkasangalala. Choncho khalidweli si la Angerezi okha: ku Germany Christian Morgenstern anatulutsa Galgenlieder mu 1905, ndipo ku Bengal Abol Tabol ya Sukumar Ray, ya mu 1923, ana akuiwerengabe.

Nanga akuluakulu amabwererako chifukwa chiyani? Ndikuganiza kuti amamvamo chisoni chomwe mwana sachimva. Lear ankadwala khunyu ndipo ankabisa matendawo, sanakwatire, anakhala zaka zambiri kunja kwa dziko lake mpaka anamwalirira ku San Remo, ku Italy, mu 1888, mphaka wake Foss atangomutsogolera. Mukadziwa zimenezi, nkhalamba zija zothamangitsidwa ndi gulu zimaoneka mwina: wolemba ali kumbali ya wothamangitsidwayo, osati ya omenya. George Orwell anazindikira zomwezi m'nkhani yomwe analemba mu 1945 yokhudza Lear. Ndipo ukwati wa kadzidzi ndi mphaka, zolengedwa zosayenerana zomwe zinachita kuthawira kutali kuti zikakwatirane, sukhalanso nthabwala chabe.

Pali chovuta chimodzi chomwe sindingachikane. Ndakatulo zimenezi siziyenda bwino ulendo. Kukoma kwake kuli m'kamwa mwa eni chilankhulo, ndipo mwana amene akulimbana n'kuphunzira Chingerezi sangasiyanitse liwu lopeka ndi liwu lomwe sanaliphunzire. Kwa iye onse ndi mdima umodzi, ndipo nthabwala imasanduka chilango, makamaka mphunzitsi akafunsa pamayeso kuti afotokoze phunziro la ndakatuloyo. Phunziro lanji? Funso limenelo ndi lomwe limapha ndakatulo zamtunduwu.

Chotero aphunzitsi ndi makolo, mukapeza buku la Lear kapena la Carroll, liwerengeni mokweza, musinthesinthe mawu, ana aseke, ndipo musawafunse tanthauzo. Mukatha, auzeni apeke zawo m'Chichewa.