Wophunzira Cisoli Apatsidwe Malo Pabwalo la Mwambo

Abale ndi alongo a m'midzi ya boma la Rufunsa, m'maiko a mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta cinenero ca makolo ndi Cisoli. Koma mwana akalowa sukulu amaphunzira Cinyanja ndi Cingelezi, pakuti Cisoli sicili pakati pa zinenero 7 zimene Boma linasankha kuti ziphunzitsidwe. Pamisika ya m'mbali mwa msewu wa Great East Road napo malonda amayenda m'Cinyanja. Cotero ana ambiri amamva Cisoli koma amacita manyazi kucilankhula, kuopa kusekedwa ndi akulu akalakwitsa mau. Mwana wosekedwa kamodzi sayesanso.

Vuto lotere lilinso kutsidya la nyanja, m'dziko la Wales ku Britain, kumene Cingelezi capanikiza cinenero ca eni dziko. Kalembera wa 2021 anapeza anthu 538,300 okha olankhula Ciwelshi. Caka ndi caka, m'mwezi wa August, anthuwa amacita cikondwerero ca mtundu wonse ca nyimbo ndi ndakatulo cochedwa National Eisteddfod, ndipo kuyambira 1950 lamulo lake nlakuti mipikisano icitike m'Ciwelshi. Komabe ophunzira sanatsekeredwe kunja. Ali ndi malo aoao pabwalo, ochedwa Maes D, ndipo kuyambira 1983 wophunzira wopambana amalandira mphotho yaulemu. Boma la Wales likufuna olankhula 1,000,000 pofika 2050, ndipo ciwerengero cimeneco sicingakwane popanda ophunzira.

Ifenso mabwalo tili nao: Chibwela Kumushi kwa Mfumu Bunda Bunda ndi Nkombalyanga kwa Mfumu Shikabeta. Tikupempha mafumu, nduna ndi makomiti okonza miyamboyi kuti apatule nthawi ya ophunzira. Mwana wa sukulu asimbe nthano m'Cisoli. Mphunzitsi wocokera kwina, mkamwini ndi mtengwa alonjere mfumu m'cinenero ca dziko limene akudyamo nsima. Akaphonya, agogo amkonze mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wocita bwino koposa apatsidwe mbuzi kapena khasu pamaso pa khamu lonse.

Umodzi wa Zambia sufuna kuti cinenero ciliconse cife. Cinyanja citigwirizanitse pamsika, Cisoli cimveke pabwalo la mfumu. Inu makolo, yambani nchitoyi madzulo ano pamoto, mwana asanagone.