Ukwati sufufuta chidindo chakutha

TETE — M'midzi ya m'malire, kuyambira ku Calómuè kudzera ku Tsangano mpaka ku Zóbuè, muli mabanja ambiri amene mwamuna kapena mkazi ndi wochokera ku Malawi. Ankhoswe adakumana, nkhuku idadyedwa, ana adabadwa, ndipo munda ukulimidwa chaka ndi chaka. Kwa a mfumu ndi anthu a pamudzi banja lotere n'lokhazikika. Koma tsiku limene mkamwiniyo kapena mtengwayo akwera galimoto kupita ku Tete, naimitsidwa pa msewu kuti aonetse mapepala, m'pamene amazindikira kuti m'mabuku a Boma iye akadali mlendo, ndiponso mlendo amene masiku ake adatha kalekale.

Ambiri zikafika pamenepa amathamangira ku ofesi ya Migração ali ndi mtima woti, popeza adakwatirana ndi mwana wa dziko lino, apatsidwa chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Vuto lagona pomwepa. Lamulo limalemekeza ukwati, koma silinena kuti ukwati umafufuta masiku amene munthu wakhala m'dziko chidindo cha m'pasipoti mwake chitatha. Amene sazindikira msanga zimenezi amataya ndalama, ndipo ena amasiyana ndi ana awo kwa nthawi yaitali.

Gwero la nkhaniyi

Malire a Moçambique ndi Malawi adachokera pa pangano la Portugal ndi Britain la m'chaka cha 1891, ndipo adadutsa pakati pa Achewa ndi Angoni amene ndi amodzi pa chilankhulo ndi pa mwambo. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu wa ku Malawi umayenda m'malire penipeni, moti pa msika wa Lizulu munthu amagula mbatata m'dziko lina n'kukakwera basi m'dziko lina. Mnyamata wa ku Dedza akakalowa chikamwini ku Angónia saona ngati wapita kunja. Wangopita kwa apongozi.

Nkhondo idawonjezera maukwati otere. Anthu a dziko lino opitirira 1 miliyoni adathawira ku Malawi, ndipo ambiri adakhala zaka m'midzi ndi m'misasa ya ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasaina pangano la mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera, ndipo pofika mu 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adali atabwerako kuchokera ku maiko oyandikana ndi lino. Ambiri adabwera ndi akazi kapena amuna amene adawapeza kothawirako. Masiku amenewo chofunika chidali khasu, mbewu ndi denga. Mapepala sadali patsogolo.

Komatu m'nyengo yomweyo, mu Disembala 1993, Boma lidakhazikitsa lamulo la 5/93 lonena za kalowedwe, kakhalidwe ndi katulukidwe ka alendo. Lamuloli lidagwira ntchito zaka pafupifupi 30 mpaka lidalowedwa m'malo ndi lamulo la 23/2022 la mu Disembala 2022. Ntchito yoyang'anira alendo ili m'manja mwa Serviço Nacional de Migração, SENAMI mwachidule. Malamulo onse awiriwa amaona mkamwini wa ku Dedza chimodzimodzi ndi mlendo wina aliyense pa mfundo iyi: ayenera kulowera pa chipata chovomerezeka ndi kukhala masiku okhawo amene waloledwa.

Mapepala atatu osiyana

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti amaphatikiza zinthu zitatu n'kuziyesa chimodzi.

Choyamba ndi kalata ya ukwati. Lamulo la mabanja la 2004, limene lidakonzedwanso mu 2019, limavomereza ukwati wa ku Boma, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndiponso wa pa mwambo. Koma kuti ukwati wa pa mwambo kapena wa chipembedzo ukhale ndi mphamvu pamaso pa lamulo, uyenera kulembedwa m'mabuku a Registo Civil. Mawu a ankhoswe ndi olemera pa bwalo la mfumu, koma kalaliki wa ku Migração amafuna pepala.

Chachiwiri ndi chilolezo chokhala m'dziko, chimene anthu amachidziwa ndi dzina loti DIRE. Chimenechi chimaperekedwa ndi a Migração, osati a Registo Civil. Munthu amayamba ndi chilolezo cha kanthawi chimene amakachikonzetsanso chikatha, ndipo chokhazikika chimadza pambuyo pa zaka zambiri zokhala ndi cha kanthawicho. Izi zikutanthauza kuti munthu amene wakhala pamudzi zaka 20 wopanda pepala sanayambe n'komwe kuwerenga zaka zofunikazo.

Chachitatu ndi unzika. Ndime 26 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 imati mlendo, wamwamuna kapena wamkazi, amene wakhala pa ukwati ndi nzika ya Moçambique kwa zaka zosachepera 5 angathe kutenga unzika, malinga wanena yekha kuti akuufuna ndipo wakwaniritsa zina zimene lamulo limafuna. Ili ndi khomo lenileni kwa mabanja a m'malire, makamaka popeza dziko la Malawi nalo lidasintha lamulo lake mu 2018 n'kuvomereza kuti munthu akhale nzika ya maiko awiri. Koma zaka 5 zimenezi zimafuna umboni, ndipo umboniwo ndi kalata ya ukwati ija. Palibe amene amagona ali Mmalawi n'kudzuka ali nzika ya kuno chifukwa chakuti zaka zakwana. Unzika umapemphedwa.

Chidindo chikatha

Mmalawi wolowa ndi pasipoti pa Calómuè kapena pa Zóbuè safunika viza, koma amadindiridwa masiku owerengeka, kawirikawiri 30. Masikuwo akatha iye akadali kuno, lamulo limamuika pa mlandu wa multa imene imawerengedwa pa tsiku lililonse lopitirira, ndipo Boma lili ndi mphamvu zomutulutsa m'dziko. Mlandu suola. Chindapusa chimene chikadatha ndi matumba ochepa a mbatata m'masiku oyamba chimakula mpaka kuposa mtengo wa ng'ombe za pakhomo.

Amene adalowera njira zachidule za m'minda, osadinditsa konse, ali pa vuto lina lalikulu, chifukwa alibe chosonyeza tsiku limene adalowa.

Njira yodziwika yopezera DIRE imayambira kunja, pa viza yodzakhala m'dziko imene imapemphedwa ku ofesi za kazembe wa Moçambique, monga za ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mwa zina, amafuna pasipoti yosatha ndi kalata ya apolisi a kwawo yosonyeza kuti munthuyo alibe milandu. Choncho munthu wopita ku Migração ndi kalata ya ukwati yokha, chidindo chake chitatha chaka chatha, amapeza kuti nkhani yoyamba kukambidwa ndi ya masiku opitirirawo. Ya ukwati imadza pambuyo.

Zotsatira zake zimagwera banja lonse. Munthu wotere amaopa kupita ku chipatala chachikulu ku Tete, sangalembedwe ntchito ya m'mabuku ku migodi ya ku Moatize, ndipo amakhala nyama ya aliyense wofuna chiphuphu pa msewu. Mnzake wa m'banja akamwalira ukwati usanalembedwe, wamasiyeyo amavutika kusonyeza kuti adalidi pa banja. Pali makolo ena amene amazengereza kukalembetsa ana poopa kufunsidwa za mapepala a bambo kapena mayi. Kuopa kumeneku kulibe maziko, pakuti mwana wobadwira m'dziko muno kwa bambo kapena mayi amene ndi nzika, nayenso ndi nzika, ndipo kholo la kunolo lingathe kukamulembetsa.

Ana a kuno amene ali ku Joni

Nkhani yomweyi imatembenuka ikafika pa anyamata ndi atsikana a m'maboma ano amene adapita ku South Africa kukafuna ntchito. Kumeneko alendo ndi iwowo. Kuyambira mu 2005 nzika za Moçambique zimalowa ku South Africa popanda viza pa ulendo waufupi, ndipo ambiri masiku akatha sabwerera. Ena amakwatira konko, n'kutumiza uthenga kumudzi kuti tsopano zonse zili bwino popeza apeza banja. Makolo ayenera kudziwa kuti lamulo la kumeneko silitero.

Malinga ndi malamulo amene adayamba kugwira ntchito pa 26 Meyi 2014, munthu amene wapitirira masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi. Wobwereza cholakwacho m'kati mwa miyezi 24 amaletsedwa zaka 2, ndipo wopitirira masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5. Chiletsochi chimadindidwa pa chipata munthu akamatuluka. Motero mnyamata wobwera ku maliro a mayi ake ku Angónia angathe kuuzidwa pa Lebombo kuti mkazi ndi ana amene wawasiya ku Johannesburg sawaonanso kumeneko kwa zaka 5, pokhapokha apilo yake itamveka.

Chilolezo chokhazikika cha pa ukwati nacho sichibwera msanga. Lamulo la alendo la 2002 la dzikolo, monga lidakonzedwera pambuyo pake, limafuna kuti banjalo likhale litatha zaka 5 ndipo likhale loona, osati longofunira mapepala. Banja likatha pasanathe zaka 2 chiperekedwere chilolezocho, chimafa, kupatula ngati mnzakeyo wamwalira. M'zaka zodikirazo munthu ayenera kukhala ndi viza ya kanthawi ya wapabanja.

N'zoona kuti makhoti a kumeneko akhala akuteteza mabanja. Mu Juni 2019, pa mlandu wa Nandutu, khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo lidagamula kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika angathe kupempha kusintha viza yake ali m'dziko momwemo, osayamba wabwerera kwawo. Mu Disembala 2023, pa mlandu wa Rayment, khoti lomwelo lidateteza makolo achilendo amene akulera ana a dzikolo banja litatha. Koma chigamulo cha Nandutu chimathandiza munthu amene viza yake ikadali ndi moyo. Amene yake idatha ayenera kuyamba wakaonekera kwa akuluakulu a Home Affairs ndi kupereka chifukwa chomveka chimene adalepherera kukonzetsa pa nthawi yake, monga matenda aakulu, kuti aloledwe kupereka pempho. Akagwidwa asanatero, ulendo wake ungathe kudzera ku Lindela, malo osungirako alendo ku Krugersdorp, n'kukathera pa Ressano Garcia.

Alipo amene amadikira chikhululukiro, pokumbukira kuti mu 1996, ndiponso pakati pa 1999 ndi 2000, boma la South Africa lidapereka zilolezo zokhazikika kwa anthu ambiri a Moçambique amene adali atakhalitsa kumeneko kapena adathawirako nkhondo. Makomo amenewo adatsegulidwa kwa miyezi yowerengeka ndipo adatsekedwa kalekale. Banja silingamange tsogolo lake pa chiyembekezo choti adzatsegulidwanso.

Chofunika kuchita

Kuno ndi ku Joni komwe, dongosolo ndi limodzi. Munthu akonze za masiku ake chidindo chisanathe, alembetse ukwati, kenaka apemphe chilolezo cha kanthawi, ndipo chokhazikika kapena unzika zidze pomaliza. Amene masiku adamuthera kale amapindula akapita yekha ku Migração pamodzi ndi mnzake wa m'banja, atanyamula pasipoti, bilhete ya mnzakeyo, mapepala a kubadwa kwa ana ndi kalata ya a mfumu kapena mlembi wa dera yotsimikiza kumene akukhala. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo tsiku lililonse lobisala likuwonjezera multa. Ndalama iliyonse yolipidwa ikhale ndi lisiti la Boma. Chidindo chogula kwa anyamata oyendayenda pa chipata ndi chabodza, ndipo chimasandutsa mlandu wa chindapusa kukhala wa ndende.

Ankhoswe nawo ali ndi gawo. Monga amafunsira za mtundu ndi khalidwe la mkamwini asanamupatse malo omanga nyumba, afunsenso ngati pasipoti yake ili ndi masiku, ndipo alimbikitse kuti ukwatiwo ukalembedwe pamene chikondi chikadali chotentha ndipo mboni zonse zikadali moyo.

Komabe sikungakhale chilungamo kusenzetsa anthu a kumudzi mtolo wonse. Njira ya DIRE imayenera bwino munthu wa malonda kapena wa ntchito za m'makampani, amene ali ndi galimoto ndi ndalama. Kwa mlimi wa ku Tsangano, pasipoti, kalata ya apolisi, ulendo wa ku Lilongwe ndi wina wa ku Tete ndi katundu wolemera kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ambiri amangokhala chete. Maboma a Moçambique ndi Malawi ali ndi mphamvu zogwirizana pa njira yapafupi ndi yotsika mtengo ya mabanja a m'malire amene mafumu angawachitire umboni. A Registo Civil ndi a Migração akamafika limodzi ku Ulónguè ndi m'maboma ena ang'onoang'ono pa masiku olengezedwa, Boma lingadziwe bwino amene akukhala m'malire mwake, ndipo mabanja angagone tulo. Kufikira zimenezo zitachitika, banja lililonse lotere litsegule pasipoti ndi kuwerenga tsiku limene lidalembedwa pa chidindo.