Batani lofiira la pa bomba lisakhale chokongoletsa khoma

Pa 17 Novembala 2016, lole yonyamula gazolina kuchoka ku Beira kupita ku Malawi inaphulika ku Caphiridzange, m'boma la Moatize. Anthu opitirira 70 anafa, ambiri mwa iwo anthu a m'midzi amene anafika ndi zigubu kudzatunga mafutawo, ndipo boma linalamula masiku 3 a maliro m'dziko lonse. Ngoziyi sinachitikire pa bomba, koma inaonetsa chigawo cha Tete chimene gazolina amachita akakumana ndi moto.

Choyamba kuyaka ndi nthunzi yake. Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, motero siuluka msanga: imakwawa pansi n'kukadzaza m'maenje ndi m'ngalande. Kuthetheka kochepa kwa waya kungathe kuiyatsa. Tsono makina opopa mafuta pa bomba amayendera magetsi, ndipo paipi ikaduka kapena galimoto ikagunda makinawo, injini imapopabe kufikira wina atazimitsa magetsi. Imeneyi ndiyo ntchito ya batani lofiira limene limaikidwa pakhoma.

Malamulo a zamagetsi a ku America, otchedwa NEC, m'gawo 514 amafotokoza bwino za chozimitsirachi. Amati chisayandikire makina kuposa mamita 6, kuti munthu asalowe m'moto pokachikhudza, ndiponso chisatalikire kuposa mamita 30, kuti afikepo msanga. Amatinso chidule mawaya onse opita ku makinawo nthawi imodzi, ngakhale amene amisiri amautcha neutro, pakuti nawonso ungathe kubweretsa magetsi kuchokera kwina. Malamulowa si a Mozambique, pakuti kuno nkhani za magetsi ndi mafuta zimayang'aniridwa ndi boma pamodzi ndi bungwe la ARENE, limene linakhazikitsidwa mu 2017. Komabe gazolina wa ku Ulongue kapena ku Zóbuè amayaka chimodzimodzi ndi wa ku America.

Vuto lalikulu limagona pa mmisiri. Mwini bomba wofuna kusunga ndalama angathe kumuuza kuti adule waya umodzi wokha, kapena kuti aike swichi wamba ya m'nyumba pafupi ndi makina. Mwinanso chozimitsira chikamavuta, amamuuza kuti alumphitse waya kuti malonda asaime. Batani limaonekabe pakhoma, woyendera wa boma angathe kuliona n'kupitirira, koma mkati mwake mulibe kanthu. Chinyengo chotere chimadziwika tsiku la ngozi lokha.

Mmisiri wa kumudzi sapeza ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo akakana, mwini bomba angaitane wina. Komatu mwini bomba sadziwa njira ya mawaya, wogulitsa mafuta ndi wanjinga yamoto wodzagula lita imodzi sadziwanso. Wodziwa ndi mmisiri yekha, ndipo n'chifukwa chake mlandu waukulu uli pa iye. Choyenera n'chakuti afotokoze kuopsa kwake, akane ntchito yachidule, ndipo akamaliza yolongosoka ayese batanilo pamaso pa mwini ndi antchito ake kuti onse aone makina akuima.

Anthu a m'midzi yoyandikana ndi mabomba nawonso ali ndi mbali yawo. Mafumu ndi akuluakulu a boma la dera angathe kufunsa pamene pali batanilo, ndiponso tsiku limene linayesedwa komaliza. Mwini bomba wosunga malamulo sangavutike kuyankha.