Musamulembere mwana maola amene sanagwire pachipatala

Lero sitikamba za phala la mwana kapena katemera. Tikambirane za pempho limene limachuluka chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikatuluka, pamene sukulu za zaumoyo zayamba kuitana ofuna malo. Limabwera monong'ona: anesi, tilembereni kalata yoti mwanayu wakhala akudzipereka pachipatala pano chaka chathunthu, mudindeponso sitampu. Mwanayo mwina anabwerako masabata awiri. Mwina anapondapo tsiku lokhalo limene anadwala malungo.

Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake, kuti musamati anesi ndi ouma mtima.

Tiyambe ndi chimene makolo ambiri sadziwa. Kalata imeneyi ilibe mphamvu imene mukuiganizira. Mwana amene wangolemba Folomu 4 ndipo akufuna udokotala kapena unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, amafunsira malo kudzera ku bungwe la NCHE. Chimodzimodzinso wofuna unamwino ndi uzamba ku Mzuzu University. Kumeneko amayang'ana mapointi a MSCE ndi mmene mwana wakhozera Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Mwana wa mapointi 28 sangadumphe wa mapointi 10 chifukwa choti wanyamula kalata ya sitampu. Ndiye ndalama ya mbewu imene mukufuna kupatsa munthu woti akupangireni kalata, bola mulipirire mwanayo kalasi kuti abwereze mayeso ngati sayansi inamuvuta.

Kumene nkhani ya kudzipereka imatulukira ndi kwina. Makoleji a mishoni, monga Ekwendeni College of Health Sciences kapena St John's ku Mzuzu, komanso Malawi College of Health Sciences ya boma, amayamba n'kuona makirediti, ndipo ambiri amaitana ana kukalemba mayeso olowera ndi kukayankha mafunso pamaso pa aphunzitsi. Imatulukanso pofunsira thandizo la fizi, pofunsira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, komanso kwa akuluakulu amene akubwerera kusukulu atagwirapo kale ntchito. Apa ndiye kalata yabodza imasanduka msampha.

Amene amakhala kuseri kwa tebulo pa intavyu ndi anamwino ndi madokotala amene akalambira m'mawadi. Mwana akanena kuti wathandiza kusikelo chaka chathunthu, funso lotsatira limabwera lokha. Tepi yoyezera mkono wa mwana ili ndi mitundu iti, ndipo ikaonetsa pofiira mumatani? Thanzi mumasungunula m'madzi ochuluka bwanji? Mwana wa miyezi isanu ndi inayi amalandira katemera wanji? Mtsikana amene anakhaladi kusikelo ayankha akumwetulira, chifukwa waona ndi maso ake tepi ya girini, yachikasu ndi yofiira, wathira yekha paketi m'lita imodzi ya madzi, ndipo wamva kangapo alangizi akuitana amayi a katemera wa chikuku. Wa kalata yogula angoyang'ana pansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo akagwidwa pa bodza limodzi, zoona zonse zimene wanena zimakayikitsa nazo, ngakhale satifiketi yake yeniyeni ya ku MANEB.

Pali wina amene mumamuiwala popempha: wosaina kalatayo. Namwino aliyense ali m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi, ma clinical officer ndi madokotala ali pansi pa Medical Council of Malawi, ndipo mabungwe amenewa ali ndi mphamvu yolanga kapena kuchotsa munthu m'kaundula chifukwa cha khalidwe losayenera. Kupeka chikalata ndi kugwiritsa ntchito chikalata chabodza ndi milandu m'malamulo a dziko lino. Mukamati "inu ndi mwana wa kwathu, tithandizeni", dziwani kuti mukupempha munthuyo kuika laisensi yake pamoto. Pachipatala chaching'ono pamene azamba ndi awiri okha, mmodzi akaimitsidwa ntchito ovutika ndi inu nomwe.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri si kugwidwako. Ambiri sagwidwa, tisanamizane. Chimene chimandikhudza ndi chakuti ntchito imene mwanayu akuifuna ndi ntchito yolemba manambala, ndipo miyoyo ya anthu imadalira kuti manambalawo akhale oona.

Amayi amene munaberekera kuchipatala, mwina munaona mzamba akulemba papepala lalikulu la mizeremizere lija, patogirafu. Pamenepo kugunda kwa mtima wa mwana ali m'mimba kumayenera kumvetseredwa ndi kulembedwa mphindi 30 zilizonse. Kutseguka kwa njira kumayezedwa maola anayi aliwonse, BP ya mayi nayonso imayezedwa ndi kulembedwa. Mtima wa mwana ukatsika pansi pa 110 kapena kukwera kupitirira 160 pa mphindi, ndiye kuti mwanayo akuvutika. BP ya mayi woyembekezera ikafika 140/90 timakhala tcheru, ikafika 160/110 ndi ngozi. Pepala limeneli ndi limene limatiuza kuti ino ndi nthawi yoitana ambulansi. Tsono taganizirani mzamba wotopa usiku wa manane, ali yekha, amene sanamvetsere mtima wa mwana kwa maola awiri, kenako n'kudzaza mabokosi anayi ndi 140, 140, 138, 140 kuti pepala lioneke bwino m'mawa. Wobwera kudzamulandira akhulupirira pepalalo. Dokotala wa ku Rumphi boma akalandira mayiyo akhulupiriranso pepalalo. Kwa mayi wa ku Mlowe kapena ku Chitimba, amene chipatala chochita opaleshoni chili naye kutali, kaya atengedwe kukwera msewu wokhotakhota wa Golodi kupita ku David Gordon Memorial ku Livingstonia, kaya adutse ku Chiweta kupita kuboma, maola awiri obisika papepala akhoza kukhala moyo wa mwana wake.

Mzamba wotereyu sanayambe usiku umenewo. Anaphunzira kwinakwake kuti bokosi lopanda kanthu ndi lochititsa manyazi kuposa nambala yopeka. Ngati phunziro loyamba la mwana wanu pa ntchito ya chipatala ndi kuona mayi ake akugula maola 1,000 amene sanagwire, mwamuphunzitsa ndinu. M'mera mpoyamba. Ndipo tsiku lina pabedi lochirira padzagona mlongo wake kapena mkazi wa mchimwene wake.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: ana a m'tauni ali ndi amalume m'maofesi, ife tili ndi ndani? Kudandaula kumeneku n'koona. Malo ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi. Tikukumbukira June 2020, pamene unduna wa zaumoyo unaitana ofuna ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, achinyamata n'kukhamukira pa Katoto ku Mzuzu mpaka kupondana, ambiri n'kuvulala. Njala ya ntchito ndi yeniyeni. Komabe onani amene bodzali limamubera. Si mwana wa bwana wa ku Area 47. Ndi mtsikana wa m'mudzi woyandikana ndi wanu amene anayendadi khomo ndi khomo ndi chidebe cha klorini pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sunasiye madera athu a m'mbali mwa nyanja. Makalata abodza akachuluka, aphunzitsi amasiya kukhulupirira makalata onse, ndipo yake yoona ija imangoponyedwa pamulu womwewo.

Nanga mwana amene anadziperekadi alembe bwanji?

Agule kope la masamba ochepa. Tsiku lililonse limene wathandiza alembe deti, malo, nthawi yoyambira, nthawi yomaliza ndi chimene wachita, ndipo amene amamuyang'anira, kaya ndi mlangizi wa zaumoyo, kaya namwino, kaya mtsogoleri wa Red Cross, asaine tsiku lomwelo. Osati pakutha pa chaka, pamene aliyense waiwala. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Sikelo ya kumudzi imene imachitika kamodzi pamwezi, maola anayi, kwa miyezi 12, ndi maola 48. Alembe 48. Asalembe kuti "chaka chimodzi" basi, chifukwa wowerenga aganiza za munthu wobwera Lolemba mpaka Lachisanu, amene pachaka amafika maola pafupifupi 2,000. Nthawi yoyenda panjira si ya ntchito. Masiku amene anabwera n'kupeza katemera sanafike, onse n'kubwerera, sawerengedwa. Miyezi imene akufuna kudzathandiza m'tsogolo isasakanikirane ndi imene wagwira kale. Ngati ankalandira alawansi, anene kuti ankalandira, palibe choipa pamenepo. Ngati kope kunalibe ndipo akungokumbukira, awerengere motsitsa ndipo alembe mawu oti "pafupifupi".

Maola 48 musawaone kuchepa. Mwana amene angafotokoze bwino zimene anaona m'maola 48, mayi amene anasiya kubwera kusikelo chifukwa mlatho unakokoloka, mwana wotupa mapazi amene agogo ake ankati wanenepa, amaoneka wokhwima kuposa wa manambala aakulu opanda nkhani.

Chinanso chimene ana amalakwitsa pofuna kuoneka odziwa ndi kusakaniza kuona ndi kuchita. Wina amalemba kuti ankabaya jakisoni, ankasoka mabala, anathandiza amayi kuchira. Munthu wosaphunzira ntchitoyi saloledwa kuchita zimenezi. Ngati n'zabodza, wanama. Ngati n'zoona, waulula mlandu wake ndi wa namwino amene anamulekerera. Alembe zimene wodzipereka amachitadi: kuyeza ana pasikelo, kulemba mayina m'kaundula, kukonza mzere, kuphunzitsa kusamba m'manja, kukumbutsa anthu tsiku lokatenga mankhwala. Ndipo chonde, asajambule odwala pafoni kuti akhale ndi umboni. Nkhope ya wodwala ndi buku lake la kuchipatala ndi chinsinsi chake.

Funso lina limene limabwera kawirikawiri ndi la udikiri. Mtsikana wakhala miyezi itatu pakhonde la chipatala akudikirira agogo ake, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala. Kodi zimenezi alembe? Alembe, koma azitchule dzina lake lenileni: anasamalira wachibale wodwala. Asazisandutse "kudzipereka pachipatala". Kunena zoona, ine ndikanakhala pa intavyu, nkhani ya udikiri ikanandigwira mtima kuposa kalata iliyonse, chifukwa amene wachotsapo chimbudzi cha munthu wamkulu osanyansidwa wadziwa kale theka la unamwino.

Kwa amene maso ali kunja, dziwani kuti kumeneko amawerengadi maola. Ku America, fomu yofunsira sukulu za udokotala yotchedwa AMCAS imalola munthu kulemba ntchito zosapitirira 15, ndipo pa iliyonse amafuna madeti, chiwerengero cha maola ndi dzina la munthu amene angafunsidwe kuti atsimikize. Thandizo la maphunziro la Chevening la boma la Britain, limene anamwino ndi madokotala a digiri amafunsira pofuna masitazi, limafuna maola 2,800 a ntchito, ndipo ntchito yodzipereka imaloledwa kuwerengedwa. Kope limene mwana wayamba ali ndi zaka 18 likhoza kudzamuthandiza patsogolo, pamene anthu amene ankamuyang'anira anasamutsidwa kalekale.

Pang'ono za akamberembere. Aliyense wokuimbirani foni kuti ali ndi malo ku koleji ya unamwino, mutumize ndalama pa nambala yake, ndi wakuba. Ndalama ya fomu imalipiridwa m'njira imene sukuluyo yalemba pa chidziwitso chake, ndipo risiti muisunge.

Ngati mwana wanu akufuna kuyamba kudzipereka, apite masana kwa wamkulu wa pachipatala chapafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, afotokoze cholinga chake, amve ngati pali ntchito yomuyenera ndiponso ngati pakufunika chilolezo cha ku ofesi ya zaumoyo kuboma. Makomiti a zaumoyo a m'mudzi ndi magulu a amayi ophunzitsana za kadyedwe amasowa achinyamata odziwa kulemba bwino. Pomaliza apemphe kalata yonena madeti enieni, ntchito zenizeni ndi nambala ya foni ya ofesi imene ingayankhidwe. Kalata yotere ine ndimasaina mosangalala.

Ndipo ngati fomu inapita kale ili ndi miyezi yowonjezera, mwanayo alembere ofesi ya rejisitala wa sukuluyo tsiku la intavyu lisanafike, apereke madeti olondola, ndipo asunge kope la kalatayo.