Miyala ya Chongoni si bolodi lolembapo mayina

Tchuthi chikafika, achinyamata ambiri mumathamangira kunyanja. Palibe cholakwika. Koma mukamadutsa pa Dedza mumsewu wa M1, dziwani kuti m'mapiri a Chongoni mukusiya malo 127 a zojambula pamiyala, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006.

Kwerani ku Chentcherere kapena ku Mphunzi mukadzionere. Zofiirazo akuti adajambula Akafula, alenje amene Achewa adawapeza kuno. Zoyerazo ndi za Achewa: zina adajambula amayi polangiza atsikana kuchinamwali, zina n'zokhudza Nyau.

Chotinyansa ife ndi khalidwe la alendo ena. Munthu wakwera phiri lonselo, n'kutulutsa khala kulemba dzina lake ndi la chibwenzi pamwamba pa zojambula za makolo. Chibwenzi choti mwina sichifika n'Khirisimasi yomwe! Utoto umenewu ukafufutika, palibe angaubwezeretse.

Jambulani ndi foni, ikani pa TikTok, anzanu asirire, koma mwalawo osaukhudza. Tengani wokuperekezani wa m'mudzi wapafupi, mumulipire bwino. Nalo boma lisamangonyadira dzina la UNESCO: liike alonda okwanira ndi zikwangwani za m'Chichewa.