Pofula Uchi, Tisiyireko Eni Ake

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, ife amene tili ndi ming'oma mtima umakhala m'mwamba. Mitengo ya m'thengo monga mombo imakhala itachita maluwa, mng'oma walemera, ndipo kunyumba akudikira ndalama ya feteleza ndi ya sukulu. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Timakokolola zisa zonse, ndipo pakatha masabata angapo timapeza mng'oma uli gwaa, njuchi zathawa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Uchi ndi nkhokwe ya njuchi. Mvula ikamagwa mowirikiza sizituluka mokwanira, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye maluwa amachepa m'madera ambiri. Nthawi ngati zimenezi zimadya zomwe zinasunga. Tikazilanda zonse, zimasamuka.

Tsono pofula titenge zisa zokhazo zimene zamatidwa ndi phula, chifukwa uchi wake ndi wokhwima. Uchi wa m'zisa zosamata uli ndi madzi ambiri ndipo umasasa m'botolo. Zisa za ana, za mungu ndi zina zingapo za uchi zitsale. Tigwiritse ntchito utsi wozizira, osati muuni wa moto, umene umapha njuchi, kununkhitsa uchi ndi kuyatsa tchire.

N'chifukwa chiyani zisa za ana zili zofunika chotere? Mu mng'oma muli mfumukazi imodzi yokha, ndipo ndiyo imaikira mazira, kupitirira 1,000 pa tsiku nyengo ikakhala yabwino. Njuchi yantchito imatenga masiku 21 kuchokera pa dzira, ndipo pa nthawi ya ntchito yambiri imakhala moyo pafupifupi masabata 6 okha. Ana akasowa, banja limatha msanga. Komanso mfumukazi ikafa, njuchi zimasankha kamphutsi kakang'ono kosapitirira masiku atatu, kukamangira chipinda chachikulu cholendewera pansi, n'kumakadyetsa chakudya chapadera. Pa masiku 16 kuchokera pa dzira, mfumukazi yatsopano imatuluka. Koma ngati tinachotsa zisa za mazira, njuchi zilibe poyambira.

Nzeru yomweyi ingatithandize kuchulukitsa ming'oma osadikira kuti njuchi zilowe zokha. Pa nyengo ya maluwa, ngati tili ndi mng'oma wa timatabwa tapamwamba umene wadzaza njuchi, titha kusamutsa zisa zingapo za mazira, za mungu ndi za uchi, pamodzi ndi njuchi zake, kuziika mu mng'oma wina. Mbali imene yatsala yopanda mfumukazi idzalera yake. Tisatsegulemo pafupipafupi, pakatha mwezi tikaone ngati mwayamba kuoneka mazira.

Chaka chonse pali tintchito tina tosavuta. M'chilimwe tiike madzi pafupi, m'beseni momwe taponyamo timitengo kapena miyala kuti njuchi zisamire, ndipo tilambule udzu kuzungulira malowo moto usanayambe. M'dzinja tionetsetse kuti chivundikiro sichikudontha, tipakenso girisi pa waya wopachikira kuti linthumbu lisakwere. Kumene kuli chiuli, mng'oma ulendewere pa waya m'malo mokhazikika pa mtengo. Mankhwala a m'dimba tipopere madzulo njuchi zitabwerera, makamaka mbewu zikakhala ndi maluwa, popeza njuchi zomwezi ndizo zimathandiza maungu, mpendadzuwa ndi zipatso kubereka.

Uchi ukafika kunyumba, tiusefe ndi nsalu yoyera osauphika, tiusunge m'botolo louma lotseka bwino. Amayi ndi agogo akumbukire kuti mwana wosakwana chaka chimodzi sapatsidwa uchi, ngakhale kadontho, chifukwa ungamubweretsere matenda oopsa ofooketsa thupi. Akulufe tidye pang'ono. Uchi nawo ndi shuga.

Chaka chino tikamatseka mng'oma, tiyambe tasuzumiramo n'kudzifunsa: kodi zomwe tasiyazi ziwafikitsa eni ake ku maluwa ena?